Miyezi yochuluka odwala TB ndi miyezi yachete: kaundula amatiuza chiyani?

Munthu amene walembapo odwala chifuwa chachikulu m'kaundula kwa zaka zingapo amadziwa kuti masamba a bukulo sadzaza mofanana. Ilipo miyezi imene mayina amangondondozana, tsamba n'kudzaza msanga, ndiye ilipo ina imene bukulo limatha masiku lili chitsekere. Chaka chikatembenuka zimabwereranso chimodzimodzi, pafupifupi m'miyezi yomweyo. Zikanakhala za chimfine kapena malungo palibe akanadabwa, chifukwa chimfine chimayenda ndi kuzizira, malungo amatsata madzi amene udzudzu umaswanamo. Koma TB si matenda achangu. Kachilombo kake, kamene Robert Koch analengeza ku Berlin pa 24 Malichi 1882 kuti wakapeza, kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawike pawiri, pamene mabakiteriya ena amachita zimenezi ola lisanathe. Munthu amatha kukhala nako miyezi, ngakhale zaka, asanatsokomoleko n'kamodzi komwe. Nanga matenda ozengereza chonchi amazidziwa bwanji nyengo?

Chodabwitsa china n'chakuti chiwerengero sichikwera m'kati mwa chisanu, pamene matenda ena a m'chifuwa amavuta. Chimakwera chisanu chitapita.

Ku Britain ofufuza analemba zimenezi mu 1996: matenda ena a m'mapapo amachuluka kukazizira, koma odwala TB ambiri ankalembedwa m'miyezi yotentha, ngati kuti matendawa akuchita dala kusemphana ndi anzake. Ku United States anasanthula odwala olembedwa kuyambira 1993 mpaka 2008, n'kupeza kuti mu Malichi mumapezeka odwala ochuluka ndi 21 peresenti poyerekeza ndi Novembala, mwezi umene amachepa kwambiri. Ku India, kafukufuku wa mu 2004 anaonetsa kuti chiwerengero chimafika pamwamba pakati pa Epulo ndi Juni n'kutsika pakati pa Okutobala ndi Disembala. Kusiyanaku kunali kwakukulu kumpoto, komwe kumazizira ndithu, pomwe chapakati ndi kum'mwera kunali kochepa kapena kunalibiretu. Mukawoloka ikweta miyezi imasinthana koma khalidwe limakhala lomwelo. Ku Cape Town, komwe kumazizira mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, odwala amalembedwa ochepa pakati pa Epulo ndi Juni, ochuluka pakati pa Okutobala ndi Disembala. Ku Australia nakonso chiwerengero chimakwera chakumapeto kwa chaka, chisanu chikatha.

Deti la m'kaundula ndi la chiyani?

Amene akufuna kumvetsa nkhaniyi ayambire apa. Deti limene lili pambali pa dzina la wodwala si tsiku limene anatenga kachilombo, komanso si tsiku limene anayamba kudwala. Ndi tsiku limene achipatala anamupeza n'kumulemba. Pakati pa masiku atatuwa pali mipata iwiri, ndipo palibe anthu awiri amene mipata yawo imafanana.

Mpata woyamba ndi wa pakati pa kutenga kachilombo ndi kudwala. Anthu ambiri amene apuma kachilomboka sadwala konse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse amene atenga kachilomboka, ndi 5 mpaka 10 amene amadzadwala pa moyo wawo wonse. Mwa amene amadwalawo, ambiri amadwala m'zaka ziwiri zoyambirira. Kwa ena kachilombo kamangokhala phee m'thupi, n'kudzadzuka chitetezo chikafooka chifukwa cha HIV, matenda a shuga, kusowa zakudya kapena ukalamba.

Mpata wachiwiri ndi wa pakati pa kuyamba kudwala ndi kupezeka. TB imayamba mozemba. Kakhosi kamangokereketa, thupi limatentha pang'ono madzulo, usiku thukuta, lamba n'kuyamba kukhwepa. Munthu amayamba wadikira kuti mwina zitha zokha. Akatopa amagula mankhwala a chifuwa, kenako amapita kuchipatala, kumene nthawi zina amabwererako kawiri kapena katatu asanauzidwe kuti apereke makhololo. Ofufuza amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri mu 2009 anapeza kuti kuchedwa konseku kumayambira masiku 25 m'malo amene zinthu zimayenda bwino mpaka masiku 185 m'malo ena. Imeneyo ndi miyezi 6 yathunthu.

Choncho dzina limene lalembedwa mwezi uno likhoza kukhala la munthu amene anayamba kutsokomola miyezi itatu yapitayo, atatenga kachilombo miyezi itatu ina m'mbuyo mwake, kapena ali mwana. Zili ngati bingu, limamveka mphezi itang'anima kale. Nyengo ikhoza kulowerera pofalitsa kachilombo, ikhoza kulowerera pofooketsa thupi, ikhozanso kulowerera panjira yopita kuchipatala ndi m'chipatala mwenimwenimo. Zonsezi zikafika m'kaundula zimakhala zitasakanikirana m'nambala imodzi, ndipo ntchito ya ofufuza kwa zaka zambiri yakhala kuyesa kuzilekanitsa.

Mazenera otseka

Kukazizira anthu amatseka mazenera ndi zitseko, amakhalitsa m'nyumba, amagona mothithikana. Mabasi amayenda magalasi ali otseka. Zimenezi n'zimene TB imafuna, chifukwa imafala kudzera mu mpweya. Wodwala akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akungolankhula, amatulutsa timadontho ting'onoting'ono timene timauma n'kumayandama m'chipinda kwa maola angapo. Amene anatsimikiza zimenezi ndi Richard Riley ndi William Wells ku Baltimore m'zaka za m'ma 1950. Anatenga mpweya wotuluka m'wodi ya odwala TB n'kuudutsitsa m'makola a mbira amene anali pamwamba pa wodiyo. Mbirazo sizinakhudzanepo ndi wodwala aliyense, sizinadye naye, sizinamuone n'komwe, koma zina mwa izo zinatenga TB.

Kuti muone kukula kwa nkhani ya zenera, taonani zimene anapeza m'zipatala za ku Lima, ku Peru, mu 2007. Zitseko ndi mazenera zikakhala zotsegula, mpweya wa m'chipinda unkasinthika pafupifupi ka 28 pa ola, kuwirikiza ka 18 poyerekeza ndi pamene zonse zili zotseka. Ndiye kuti wodwala yemweyo, m'chipinda chomwecho, ndi anthu omwewo, akhoza kupatsira ochuluka mu Julayi kuposa mu Januwale, kapena mu Januwale kuposa mu Julayi, malinga ndi mbali ya dziko imene ali, popanda china chilichonse chosintha kupatula loko wa pazenera.

Umboni wamphamvu wa ganizoli uli pa ana. Mwana wa zaka zitatu sangakhale kuti anatenga kachilombo zaka 20 zapitazo. Akadwala TB ndiye kuti wapatsiridwa posachedwa, kawirikawiri ndi munthu wa m'nyumba momwemo, ndipo ana aang'ono amadwala msanga akapatsiridwa, m'miyezi yochepa chabe. Ngati kukwera ndi kutsika kwa chiwerengero kumachokera ku kufala kwa m'nyengo yozizira, kuyenera kuoneka kwambiri pa ana. Ndi mmenedi zinalili ku United States, komwe kusiyana kwa miyezi kunali kwakukulu kwambiri pa ana osakwana zaka 5. Ku India ananso ndi amene anatsogola. Ofufuza a ku United States anaonanso kuti kusiyanaku kunali kwakukulu pakati pa odwala amene tizilombo tawo tinali tofanana ndendende ndi ta odwala ena a m'dera lomwelo, chizindikiro chakuti anapatsirana posachedwa.

Pali povuta pamodzi. Kwa akuluakulu mpata wa pakati pa kutenga ndi kudwala umasiyana kwambiri, wina miyezi inayi, wina miyezi 14, wina zaka 30. Anthu amene anapatsiridwa m'chisanu chimodzi amadzadwala momwazikana, moti chizindikiro cha nyengo chimasungunuka chisanafike m'kaundula. Kuti chiwerengero cha opezeka chisiyane ndi 20 peresenti pakati pa miyezi, ndiye kuti kufala kwenikweni kukusiyana mokulirapo kuposa pamenepo, kapena pali china chimene chikuthandizira.

Dzuwa ndi vitamini D

China chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi dzuwa, ndipo nkhani yake ndi yokoma kuimva. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa. M'madera akutali ndi ikweta dzuwa la m'chisanu ndi lofooka, anthu amafunda thupi lonse, ndiye vitaminiyu amatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pansi penipeni chisanu chikamatha. Miyezi ingapo pambuyo pake ndi pamene odwala TB amachuluka.

Ubale wa kuwala ndi TB ndi wakale. Niels Finsen wa ku Denmark analandira mphoto ya Nobel mu 1903 chifukwa chochiza TB ya pakhungu ndi kuwala. Chaka chomwecho Auguste Rollier anatsegula chipatala ku Leysin, m'mapiri a ku Switzerland, kumene odwala ankawagoneka padzuwa. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala a TB, ndipo palibe ankadziwa chimene dzuwa limachita m'thupi. Mu 2006 ofufuza anaonetsa m'labotale kuti maselo oteteza thupi amene amameza tizilombo amagwiritsa ntchito vitamini D popanga kanthu kotchedwa cathelicidin, kamene kamapha tizilombo ta TB. Kenako mu 2011 Adrian Martineau ndi anzake anaika mizere iwiri pambalipambali ku Cape Town: vitamini D m'magazi a anthu amakhala pansi kwambiri pakati pa Julayi ndi Seputembala, odwala TB n'kuchuluka m'miyezi itatu yotsatira. Ku Australia kusiyana kwa miyezi kunali kwakukulu m'madera a kum'mwera, komwe dzuwa la m'chisanu ndi lochepa, kuposa kumpoto. Zonse zinkaoneka kuti zikulumikizana.

Koma zinthu ziwiri zikamachitika motsatizana sizitanthauza kuti choyamba chabala chachiwiri. Miyezi imene vitamini D amatsika ndi yomweyo imene mazenera amatsekedwa. Ku United States, dziko lalikulu limene madera ake ena amawombedwa dzuwa chaka chonse pomwe ena amakhala mu chipale chofewa miyezi ingapo, kusiyana kwa miyezi sikunadalire kuti dera lili kumpoto kapena kum'mwera. Komanso wodwala TB kupezeka ndi vitamini D wochepa si umboni, popeza munthu amene wakhala miyezi iwiri ali chigonere m'nyumba, osadya bwino, vitamini wake angatsike chifukwa cha matendawo.

Njira yothetsera mkangano ngati uwu ndi kupatsa anthu vitaminiyo n'kuona chimene chichitike. Anachita zimenezi ku Ulaanbaatar, ku Mongolia, mzinda wozizira kwambiri kumene ana ambiri ali ndi vitamini D wochepa. Ana asukulu 8,851 anawagawa m'magulu awiri, ena n'kumalandira vitamini D sabata iliyonse kwa zaka zitatu, ena n'kumalandira timapilisi topanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Vitamini m'magazi anakweradi mwa amene ankalandira, koma ana amene anatenga kachilombo ka TB anali 3.6 peresenti m'gulu lolandira vitamini ndi 3.3 peresenti m'gulu linalo. Kuyesa kwina kofanana nako pa ana asukulu a ku Cape Town kunapezanso kuti vitaminiyu sanateteze.

Oikira kumbuyo ganizo la vitamini D amayankha kuti kuyesaku kunaona za kutenga kachilombo, osati za kudzuka kwa kachilombo kamene kali kale m'thupi, ndipo ana amene anadwaladi anali ochepa kwambiri moti sangatiuze zambiri. Mfundo yawo ndi yomveka. Komabe ine ndimaona kuti ganizoli limakondedwa kuposa mmene umboni wake ulili, mwina chifukwa chakuti yankho lake ndi piritsi, ndipo piritsi n'losavuta kugawa kusiyana ndi kumanga nyumba zopita mphepo.

Zilipo zina zimene zimafooketsa thupi mwa nyengo. Chimfine chachikulu ndi chikuku zimasokoneza chitetezo kwa kanthawi. Utsi wa moto wowotha m'nyumba yotseka umapweteka mapapo. Ndiye pali njala. Kumene anthu amadalira zokolola za kamodzi pachaka, ilipo miyezi imene nkhokwe zimakhala zitatha ndipo matupi amatsika. Kuti chakudya chimateteza ku TB zinaoneka bwino ku Jharkhand, ku India, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2023: achibale okhala ndi odwala TB amene ankapatsidwa chakudya chowonjezera mwezi ndi mwezi anadwala ochepa ndi 39 peresenti poyerekeza ndi amene sankapatsidwa.

Njira yopita kuchipatala

Mbali imene ndimaona kuti imanyalanyazidwa ndi iyi, ndipo ndi imene ili ndi ngozi. N'kutheka kuti m'miyezi yachete odwala amakhalapo ochuluka monga mwa nthawi zonse, kungoti sakufika, kapena akufika koma sakuyezedwa.

Yambani ndi chifuwa chenichenicho. M'nyengo yozizira aliyense amatsokomola. Munthu amene wayamba chifuwa nthawi imeneyo sachiona ngati chachilendo, akwawo sachiona ngati chachilendo, ndipo dokotala amene waona anthu ambirimbiri otsokomola tsiku limenelo sachedwa kulemba mankhwala a chimfine kapena a chibayo. Ena mwa mankhwala amenewa, monga ciprofloxacin ndi levofloxacin, amafooketsako tizilombo ta TB osatimaliza. Wodwala amamva bwino sabata ziwiri kapena zitatu, makhololo akayezedwa nthawi imeneyo akhoza kuoneka opanda kanthu, kenako matenda amabwerera. Kunja kukayamba kufunda anzake onse asiya kutsokomola, iye yekha akadali m'kati. Apa ndi pamene wina amati, “Chifuwa chanuchi chatenga nthawi, kayezetseni.” Zikatere kuchuluka kwa odwala chisanu chitatha ndi ngongole ya m'chisanu imene yangochedwa kubwezedwa.

Kumadera otentha, komwe kulibe chisanu choopsa, zotchinga zimakhala zina. Mvula ikadula misewu ndi milatho, wodwala sangapite kuchipatala, ndiponso njinga yamoto yonyamula makhololo singafike kulabotale. Nthawi yobzala, yopalira ndi yokolola, mlimi amene akutha kuimirira sataya tsiku kukakhala pamzere. Ndalama yoyendera nayonso ili ndi nyengo yake, imapezeka zokolola zikagulitsidwa. Anthu ogwira ntchito kutali ndi kwawo, m'migodi ndi m'minda ikuluikulu, amadwalira kuntchito koma ena amakayezetsa akabwerera kumudzi, ndiye kaundula wa kwawo amatupa mwezi umene abwerera. Maholide aakulu nawonso amasiya dzenje. Ku China chiwerengero chimagwa chaka chilichonse pa nthawi ya chaka chatsopano cha kumeneko, chimene chimagwa mu Januwale kapena Febuluwale, n'kudumpha mwezi wotsatira anthu akabwerera kuntchito ndi kuzipatala.

M'chipatala namonso muli nyengo. Malungo kapena matenda otsegula m'mimba akavuta, wogwira ntchito m'labotale amene amayenera kukhala pa maikulosikopu kufunafuna tizilombo ta TB amatanganidwa ndi magazi a ana otentha thupi. Makina oyezera TB m'makhololo a GeneXpert, amene WHO inawavomereza mu Disembala 2010 ndipo amapereka zotsatira m'maola osakwana awiri, amafuna magetsi osadukaduka ndi chipinda chosatentha kupitirira madigiri 30, pomwe timabokosi take toikamo makhololo timasungidwa pamalo osapitirira madigiri 28. M'miyezi yotentha kwambiri, m'chipinda chopanda choziziritsira, makinawa amakanika kawirikawiri. Onjezani pamenepo kutha kwa zipangizo chaka cha ndalama za boma chikamatha, ndi ogwira ntchito amene amapita kutchuthi nthawi imodzi.

Kalendala yeniyeniyo imanamizanso. Malichi ali ndi masiku 31, Febuluwale 28. Popanda chilichonse chosintha, Malichi ayenera kukhala ndi odwala ochuluka ndi pafupifupi 11 peresenti. Masiku ogwira ntchito pamwezi amasiyananso. Wowerengera amene sanagawe chiwerengero ndi masiku amene chipatala chinali chotsegula akhoza kuona nyengo pamene palibe.

Ena amaloza tsiku lokumbukira TB padziko lonse, pa 24 Malichi, kuti mauthenga ndi kuyeza anthu m'madera kumene kumachitika nthawi imeneyo ndi kumene kumakweza chiwerengero. Kumpoto kwa ikweta zimagwirizanadi ndi nthawi imene odwala amachuluka. Koma tsikuli ndi limodzi dziko lonse, ndipo ku Cape Town miyezi yotsatira Malichi ndi imene chiwerengero chimakhala pansi. Likhoza kuwonjezerako pang'ono, silingafotokoze zonse.

Ngati pali amene ankakayika kuti kaundula amatsata mapazi a anthu kuposa mmene amatsatira matenda, chaka cha 2020 chinamuyankha. Mu 2019 odwala TB atsopano amene anapezeka ndi kulembedwa padziko lonse anali 7.1 miliyoni. Mu 2020, COVID-19 itatseka misewu ndi kulanda malabotale, anatsika kufika 5.8 miliyoni. TB sinachepe. Imfa zake zinakwera kwa nthawi yoyamba patapita zaka zoposa 10 zikutsika. Zipatala zitayambiranso, chiwerengero chinafika 7.5 miliyoni mu 2022 ndi 8.2 miliyoni mu 2023, ndipo ena mwa amenewa anali aja amene anaphonyedwa kale. Ngakhale mu 2023 momwemo WHO inayerekeza kuti odwala onse anali 10.8 miliyoni, kutanthauza kuti oposa 2.5 miliyoni sanalowe m'kaundula aliyense. Chimene mliri unachita kamodzi mwa ukulu, mvula, ntchito ya kumunda ndi holide zimachita chaka ndi chaka mwa ung'ono.

Kusiyanitsa kuchepa kwa matenda ndi kuchepa kwa kuyeza

Chiwerengero cha odwala pachokha sichingakuuzeni chimene chachitika. Chimafunika kuikidwa pambali pa chiwerengero cha anthu amene anayezedwa. Tiyerekeze dera lina limene kotala yoyamba, kutanthauza miyezi itatu yoyamba ya chaka, linayeza makhololo a anthu 1,000 n'kupeza odwala 100. Kotala yachiwiri lapeza odwala 78. Ngati linayezanso anthu 1,000, n'kutheka kuti matenda achepadi, kapena labotale yayamba kuphonya. Koma ngati linayeza anthu 600 okha, ndiye kuti mwa anthu 100 alionse oyezedwa, 13 anapezeka ndi TB pomwe kale anali 10. Odwala achepa m'buku koma afika ndi okhawo amene matenda awakhwimira, ena aja atsala kunyumba. Nambala ndi yomweyo, 78, koma tanthauzo lake latembenuka.

Zizindikiro zina zili pa odwala eniakewo. Ngati amene akubwera m'miyezi yochuluka akubwera ataonda kwambiri, makhololo odzaza tizilombo, chithunzi cha m'chifuwa chikuonetsa mabowo m'mapapo, ndiye kuti anakhalitsa asanapezeke. Ngati amene achuluka ndi ana aang'ono, ganizirani za kupatsirana kwa miyezi ingapo yapitayo.

Vuto lina ndi kapangidwe ka malipoti. Mayiko ambiri amatumiza malipoti a TB pa miyezi itatu iliyonse, njira imene dokotala Karel Styblo anaikhazikitsa pamene ankathandiza dziko la Tanzania ndi mayiko ena kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo WHO inadzaitenga kukhala maziko a ndondomeko ya DOTS, yomwetsa odwala mankhwala a TB moyang'aniridwa, m'zaka za m'ma 1990. Njirayi ndi yabwino potsata ngati odwala amaliza mankhwala awo a miyezi 6 ndi kuchira. Poona nyengo ndi yokhakhala. Chiwerengero chikakwera mu Seputembala ndi Okutobala, theka limagwera m'kotala yachitatu, theka m'kotala yachinayi, phiri n'kusanduka chigwa chosalala. Kuti nyengo ioneke pamafunika kuwerenga mwezi ndi mwezi kapena sabata ndi sabata, kwa zaka zingapo zotsatizana. Pamafunikanso odwala ochuluka. Chipatala chaching'ono chimene chimapeza odwala 10 pamwezi chikhoza kupeza 6 mwezi uno ndi 14 mwezi wamawa mwangozi chabe, ndipo oyang'anira amene amachiyamikira mwezi wina n'kuchidzudzula mwezi wina akungotsata mphepo.

Kusamvetsa zimenezi kumabala zolakwika zenizeni. Ntchito yatsopano yofufuza odwala ikayamba m'miyezi yachete n'kuunikidwa m'miyezi yochuluka, imaoneka ngati yachita zodabwitsa pamene chiwerengero chikanakwera ngakhale popanda iyo. Ikayamba pamwamba n'kuunikidwa pansi, ntchito yabwino imatha kuthetsedwa. N'chifukwa chake kotala imayenera kuyerekezedwa ndi kotala yomweyo ya chaka chatha, osati ndi imene yangothayi. Wooda mankhwala ndi zipangizo zoyezera amene amagawa za chaka chonse mofanana m'magawo anayi amadzapezeka kuti zatha m'miyezi imene zikufunika kwambiri.

Nanga magalimoto ojambula m'chifuwa ndi magulu oyenda khomo ndi khomo azituluka liti? Ambiri angayankhe kuti m'miyezi yochuluka odwala. Ine ndingati m'miyezi yachete, chifukwa ngati odwala sakufika okha nthawi imeneyo, ndi pamene kuwapita kumapindula, komanso kumadera ozizira ndi nthawi yomweyo imene mazenera ali otseka ndipo wodwala wosapezeka akupatsira a m'nyumba mwake. WHO imati wodwala mmodzi akhoza kupatsira anthu 5 mpaka 15 pachaka, pomwe akayamba kumwa mankhwala oyenera mphamvu yopatsira imagwa msanga. Ndiponso kafukufuku amene mayiko ambiri a ku Africa ndi ku Asia achita, woyeza anthu m'madera mosasankha, wapeza kuti pafupifupi theka la amene makhololo awo anali ndi tizilombo sankadandaula chifuwa chimene chikanawatumiza kuchipatala. Anthu otere sadzabwera okha m'nyengo iliyonse, kufikira matenda atakula.

Funso limodzi limene likanamasula zambiri limafunsidwa tsiku lililonse m'chipinda cha dokotala: “Mwayamba liti kutsokomola?” Wodwala amayankha kuti kwatha miyezi iwiri, kapena kuti chiyambire kuzizira kuja, dokotala n'kulemba m'kabuku ka wodwalayo. Koma kaundula wa TB amene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito ali ndi malo a deti lolembetsa, deti loyamba mankhwala, zotsatira za makhololo, za HIV ndi mmene chithandizo chinathera. Malo a tsiku limene chifuwa chinayamba mulibe, ndiye yankho lija limabwerera kunyumba m'thumba mwa wodwala.